Mamita Asanu ndi Atatu

Zaka khumi ndi zinayi mu wodi ya chifuwa ku Cebu
ndakhala ndikuchonderera anthu:
pumani, bambo, pumani,
kokani mpweya, tulutsani.
Ndaguza masilinda a okosijeni m'makonde usiku,
timatayala tikulira ngati tiana ta mphaka.
Lero ku Moalboal mnyamata wa dzino lobenthuka,
Anecito, amene kale anali msodzi,
akuti kwa ine: Manang Perpetua, lekani kupuma.
Ndipo ndamulipira kuti anene zimenezo.

Bwato lathu lili ndi mikono iwiri ya nsungwi.
Pambali pake chubu chofiira chikuyandama,
chingwe chake chalunjika pansi
kumene buluu amasanduka inki.
Wandimanga lamba wa mtovu m'chiuno,
ine amene ndimaletsa ana kusewera pafupi ndi mgolo wa madzi.

Chubwi!
Mamita atatu okha,
msomali walowa m'khutu lakumanzere.
Ndavuuka ndili befubefu, mamina m'magalasi.
Tsinani mphuno, akutero, kankhani ndi lilime,
musadikire kuti khutu liyambe kulira,
nkhuku saidyetsa tsiku la msika.
Ndayesanso. Ndamwa nyanja.
Ndayesanso. Phazi limodzi la pulasitiki landivuka,
lapita lokha pansi, mwaulemu,
kuposa mwini wake.

Tsiku lachiwiri mimba yayamba kugunda,
du, du, ngati mwana wosabadwa akukankha khomo.
Si kuti mpweya watha, akutero Anecito,
ndi wakale uja ukupempha njira.
Thupi limafulumira kukuwa, limverereni, koma musalithamangire.
Ndikudziwa, mwana iwe, ndinakhoza mayeso a zimenezi.
Koma za m'buku zinatsala m'chikwama pagombe.
Pansi pano pali bambo Teodulo a pa bedi seveni,
amene anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa,
maso ali tong'o, akufunafuna mpweya
m'chipinda chodzaza mpweya.
Ndi iwo amene amandikokera kumwamba.

Usiku ndawauza, ndili chigonere pa mphasa ya lendi:
bambo, ine ndikupita dala.
Ndikabwerako.

Tsiku lachitatu sindinalimbane ndi kanthu.
Ndagona chafufumimba pamadzi,
mapewa lende, nsagwada lende,
mpweya umodzi wautali,
mutu pansi.
Dzanja, chingwe. Dzanja, chingwe.
Khutu lati tswii, latseguka.
Madzi azizira pamphumi,
mtima wayamba kuyenda ngati munthu wopanda ngongole.
Zii.
Kenaka kwada, ndayesa mtambo.
Ayi, ndi tinsomba ta sadini, zikwi pa zikwi,
khoma lasiliva lotembenuka nthawi imodzi,
landipatukira pakati, landitsekera kumbuyo,
osandifunsa nambala ya wodi.
Ndakhudza kampira kachikasu kothera chingwe.
Sindinakhalitse. Mlendo amene akufuna kudzabweranso
amatsanzika msanga.

Pokwera ndakumana ndi Anecito pakati panjira,
nkhope yake pafupi ndi yanga,
akuwerenga maso anga, akuyang'ana milomo
ngati yayamba kuda.
Kayang'anidwe ako ndikukadziwa.
Ndi kanga, ka teni koloko usiku.

Pamwamba ndagwira chubu ndi manja onse,
dzuwa lili phwee,
iye akukuwa m'khutu mwanga:
pumani, Manang, pumani,
kokani, tulutsani, pumaninso!
Ndamvera.
Sindinkadziwa kuti mpweya uli ndi kakomedwe,
ka mchere, ka dizilo, ka kokonati wopsereza kumtunda.

Mamita asanu ndi atatu.
Ana a pano amafika pamenepo potola ndalama yachitsulo.

Lolemba m'mawa, yunifolomu yosita,
ndawerama kuti ndimange nsapato pafupi ndi bedi seveni,
pomwe pagona munthu wina tsopano.
Mwadzidzidzi m'mphuno mwanga mwatsika madzi,
ofunda, amchere,
timadontho titatu pa simenti.
Wodwala wafunsa ngati ndikulira.
Ayi, mayi, ndi nyanja,
inabisala m'mutu.
Tiyeni, kokani mpweya.